Mitengo Imene a Namakhwa Sanadzale

Mwezi wathawu tinamanga chiliza pamanda a bambo Namakhwa, patatha chaka chimwalirireni. Inali nyengo ya mango, ndiye anthu amene anabwera sanavutike kudikira chakudya. Anadya mpaka madzi kuyenderera m'zigongono, ena n'kunyamula m'majumbo. Mayi wina wa ku Boma, wogwira ntchito m'maofesi, amene anangoperekeza mnzake, anakweza maso n'kuyang'ana mitengo yozungulira nyumba ija, mango, mapeyala, malalanje, magwafa, n'kunena kuti, "Koma malemuwa anali katswiri wodzala mitengo eti?"

Tinaphulika kuseka tonse, ndi amalume omwe amene saseka wamba. Mayi uja anachita manyazi, kuganiza kuti wanena zosayenera pamwambo. Sanalakwe chilichonse. Kungoti eni ake akanakhala moyo, akanamuyankha mmene ankayankhira aliyense zaka zonse zija, nkhope ili gwaa: kuti iwo pamudzi pano sanadzalepo mtengo ngakhale umodzi.

A Namakhwa anali amuna awo a mayi anga aakulu, a Esinati, ndiye ine ndinkawaitana kuti bambo. Kwawo kunali kunyanja, m'mbali mwa Chilwa, kumene anthu amalima mpunga m'dambo ndi kuyanika matemba. Kuno m'tsinde mwa phiri la Michesi anabwera ali mnyamata kudzakhala chikamwini, monga amachitira amuna kwathu kuno. Mwamuna ndiye amasamuka. Munda ndi wa mkazi, ana ndi a mbumba ya mkazi, ndipo mawu omaliza pa anawo ndi a malume awo. Palibe amene sadziwa zimenezi. Koma amuna ambiri akakhala pamudzi zaka zingapo, ana n'kuyamba kuwakwera pamsana, amaiwala. Amayamba kumati munda wanga, mudzi wathu, mpaka tsiku limene mkazi wamwalira kapena banja latha, n'kupezeka ali pamsewu ndi kachikwama kumanja, kukamwa kuli yasa.

Zimenezo a Namakhwa anaziona ndi maso ali mwana. Mayi awo atamwalira, bambo awo owabala anauzidwa kuti azipita kwawo, ndipo anachoka akulira mokweza, akugwiragwira zipupa za nyumba imene anamanga okha, ana a m'mudzi akuwatsatira kumbuyo. Nkhani imeneyi ankaifotokoza mwachidule, mopanda chisoni, ngati akunena za munthu wachilendo, n'kumaliza ndi mawu awo a tsiku ndi tsiku, akuti iwo sadzinamiza. Ankawanena mawuwa pa chilichonse, kaya ndi za mvula, kaya za ndale, kaya za dzino lowawa. Ana tinawapatsa dzina loti a Sindidzinamiza, ndipo atalimva sanakwiye. Anati dzina labwino limenelo, tilisunge.

Ntchito yawo inali yokhoma zidebe. Ankapanga ndi kukonza ndowa, mbaula, mabeseni ndi zitini zothirira kudimba. Ankati ntchitoyi anaisankha dala chifukwa imakwana panjinga: munda sunganyamule, koma nyundo, sizasi yodulira malata ndi kachitsulo ka njanji kokhomerapo umangoponya m'bokosi n'kumapita. Ndipo sikunali kungoyankhula. Madzulo aliwonse akaweruka ankalongedza zida zonse m'bokosi lamatabwa, kulimanga pakaliyala ndi malegeni, njinga n'kuitsamiritsa pakhonde italoza kumsewu. M'mawa n'kumasulanso. Kaya mvula, kaya dzuwa, kaya Khirisimasi, chimodzimodzi. Mayi aakulu ankati anakwatiwa ndi munthu wapaulendo amene basi yake sikubwera.

Nyumba ya njerwa anamanga ndi manja awo, koma ukangoti nyumba yanu, ankakudula mawu: ya a Esinati. Kumunda ankalima kuposa aliyense, chimanga, nandolo, chinangwa, koma ankati akungothandiza eni munda. Pabwalo pakakhala nkhani ankakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo akafunsidwa maganizo ankati iwo ndi mlendo, afunsidwe eni mudzi. Mlendo! Munthu amene anakumba nawo manda a theka la mudzi uno, amene anaphunzitsa amalume anga kupalasa njinga! Mwana wawo wamwamuna atapeza banja ku Thyolo, mphatso imene anamupatsa inali bokosi lamatabwa ngati lawolo, ndi malangizo akuti asadzalimasule mtima wonse. Mnyamatayo atakwera minibasi, iwo anabwerera maso ali psuu, n'kutiuza kuti ndi utsi wa mbaula imene ankayesa. Mbaulayo inalibe moto.

Chimene chinkawakomera kwambiri chinali kugwira anthu ena akudzinamiza. Mayi akabwera ndi ndowa yodyeka pansi ponse n'kumati yangoyamba kudontha dzulo, iwo ankaikweza kudzuwa, kuwala kukulowa paliponse, n'kumufunsa ngati dzulo lakelo ndi la chaka chino. Ankati anthu amasiyana kadzinamizidwe monga amasiyanira kayankhulidwe. Asodzi a kwawo, ankatero, nyanja ikamaphwa amakhalabe m'matope ndi mabwato awo n'kumati madzi abwera mwezi wamawa. Inu a m'tsinde mwa phiri, madzi akatsika ndi miyala n'kukokolola nyumba, mumakamanganso pomwepo n'kumati sangadutse kawiri njira imodzi. A kutauni akabwera pa Khirisimasi ndi nsapato zonyezimira amati zikuyenda, chikhalirecho njala ili m'maso. Ngakhale azimayi sankatisiya. Ankati timanyada kuti mwamuna ndi wongodutsa, koma akangotentha thupi ndife oyamba kuthamangira wakabaza.

Mnzawo wa mkangano weniweni anali a Gondwe, mphunzitsi wochokera ku Rumphi amene anatumizidwa kusukulu ya kufupi ndi kwathu ine ndili kamtsikana. Loweruka masana ankasewera bawo pansi pa mango, koma bawoyo inali chonamizira chabe.

"Inu a Namakhwa," ankayamba a Gondwe, "mwamuna wamkulu ngati inu kumakhala ngati wa lendi kwa mkazi? Kwathu timapereka ng'ombe, mkazi amabwera, ana ndi anga mpaka kalekale."

"Ng'ombe zinapitadi, aphunzitsi, sindikutsutsa. Nanga anawo Chitumbuka amachimva?"

"Akaphunzira tikabwerera kwathu."

"Liti?"

"Chaka chamawa."

"Eya, chaka chamawa chija munanena chaka chatha."

A Gondwe anali atagula kale malata okamangira nyumba ku Rumphi, ndipo ankawasunga pansi pa bedi. Mudzi wonse unkadziwa. Akawagwira pamenepo ankadumpha pampando n'kuloza m'mwamba. "Nanga inu osadzinamizanu, mthunzi tikukhalawu unachokera kuti?" A Namakhwa ankasuntha njere za bawo modekha n'kuyankha kuti unamera wokha.

Apa ndiye pali nkhani. Kwathu kuno mkamwini wochenjera sabzala mtengo. Chimanga umakolola chaka chomwecho, koma mango umavutikira anthu ena, ndiponso abale a mkazi akakuona ukukumba dzenje amayamba kunong'onezana kuti ameneyu akufuna malo. Lamulo limeneli a Namakhwa ankalisunga ngati la m'Baibulo. Khasu sanaligwirepo kukumba dzenje la mtengo, izo n'zoona, ndingalumbire. Kungoti akadya mango okoma, njere yake sankaiponya kudzenje la zinyalala ngati anthu ena. Ankayenda nayo pang'ono, kuyang'ana uku ndi uku, n'kuigwetsa pamalo pofewa, n'kuiponda ndi chidendene mpaka ilowe, ati kuopa kuti ana angaterereke nayo.

Ndiye wokhoma zidebe akamaliza ndowa amayenera kuiyesa. Amaidzaza madzi, kuiimika, kuona ngati ikudontha. Madziwo akatha ntchito amatayidwa. A Namakhwa ankakatayira paja anaponda njere. Osati kuthirira ayi, kutaya madzi. Kambande kakamera, zidutswa za malata zotsala pantchito ankazizika mozungulira, ati zikangomwazika zingacheke ana kumapazi, mbuzi n'kumalephera kufikapo. Nyengo ya dzuwa, ntchito ikachepa, ankayesa ndowa imodzimodziyo kangapo patsiku, ati sakuikhulupirira.

Mayi aakulu anali munthu wosiyana nawo kutalitali. Iwo sankalalikira za kudzinamiza, koma chinthu ankachitchula ndi dzina lake, chikuwawe chisakuwawe. Tsiku lina zitawakwana, anawaimira amuna awo kutsogolo, amunawo ali ndi ndowa m'manja, n'kunena pamaso pa anthu kuti, "Bambo, peyala lanulo mwathirira kale lero, lakwana." A Namakhwa anaima chilili. Kenako anatembenuka n'kukakhuthula madzi onse pamsewu, n'kubwerera kudzazula malata onse otchinga kapeyala kaja. Kuyambira tsiku limenelo madzi ankatayira pafumbi. Mayi aakulu anayesa kukathirira okha, koma mbuzi zinakadya mpaka kutsala kamtengo kouma. A Namakhwa masiku amenewo sankayankhula ndi munthu, chakudya ankangotola pang'ono, ngakhale nyundo inkalira mwaulesi.

Mayi aakulu anatiitanira kuseri, ana ndi azimayi tonse, n'kutiuza kuti aliyense amene adzatchulenso za kuthirira pamaso pa amuna awo adzaona polekera. Anati iwo aphunzirapo, kuti pali anthu ena amene ukawalanda bodza lawo umawalanda ndi chikondi chomwe chimene anabisa m'menemo. Kuyambira pamenepo mudzi wonse unavomereza kuti mitengo ya kwa a Esinati imamera yokha, ndipo mvula itabwera njere zinayambanso kupondedwa.

Mayi aakulu anamwalira mvula itangotha kumene, chimanga chidakali m'munda. Ana awo aakazi anali atatsogola kale ali aang'ono. Wotsala anali wa ku Thyolo uja, nayenso mkamwini kwa eni. Ndiye mwamwambo nyumba, munda ndi mitengo yonse zinkabwerera ku mbumba, kutanthauza mayi anga ndi ine. Ndikunena poyera kuti mudziwe: a Namakhwa akachoka, wopindula ndinali ine. Sindinafune kuti achoke, ndipo panalibe amene ankafuna.

Tsiku lometa maliro litafika, amalume, amene ndi mwini mbumba yathu, anayankhula anthu onse akumva. "Alamu, mwambo umati tikusudzuleni, mukhale omasuka. Koma ife sitikukuthamangitsani. Mwakalambira pano. Nyumba iyi khalanimo mpaka Mulungu adzakuitaneni."

Azimayi anawomba m'manja, ife n'kumati basi zatha bwino. Koma a Namakhwa anaimirira, anavula chipewa, n'kuchigwira pachifuwa. "Alamu, mwayankhula zaulemu. Koma ine tsiku ili ndinalidziwa ndisanakwatire n'komwe. Amene ankandisunga pano apita. Chitani mwambo wake, ndizipita kwathu."

"Kwanu kuti, alamu?" anafunsa mayi anga. "Kunyanjako munapitako liti komaliza?"

"Kwathu sikusuntha," anatero.

Ndinawakwiyira tsiku limenelo, ndipo ndikakumbukira ndimapsabe mtima. Munthu waimvi, mawondo olira, kusiya nyumba ndi anthu omukonda chifukwa chongofuna kuti mawu ake apherezere! M'mawa mwake panalibe cholongedza, bokosi linali kale pakaliyala. Anakankha njinga kudutsa pansi pa mitengo yonse ija maso ali pansi.

Ndinapita kukawaona nyengo yozizira, malalanje atapsa. Minibasi mpaka pamene imathera, kenako kabaza, kudutsa m'dambo lathyathyathya lopanda mthunzi, mphepo ikununkha matemba. Alongo awo onse anali atamwalira kalekale. Amene anawalandira anali mdzukulu wa mlongo wawo, mayi wachitsikana waulemu ndithu, amene anali asanawaonepo chibadwire. A Namakhwa ndinawapeza atakhala pampando wa alendo, wokhawo wapanyumbapo, atavala jekete, ngati munthu wodikira kuitanidwa mu ofesi. Njinga inali pakhoma, bokosi lili chimangire. Kumeneko aliyense amatungira m'zigubu ndi ndowa zapulasitiki, panalibe chokhoma.

Mayi uja anandikokera kuseri kwa nyumba. "Mwabwera kudzawatenga agogo a kuphiriwa?" anandifunsa monong'ona. "Osati tatopa nawo ayi. Koma nkhuku tawaphera zatha, ndiye timachita manyazi kumawapatsa matemba, mlendo."

Mwamva zimenezo? Kwathu anakhala moyo wawo wonse ali a kunyanja. Atafika kunyanja anakapezeka kuti ndi a kuphiri.

A Namakhwa anandiuza kuti ali bwino kwambiri, ali kwawo, mphepo ya kwawo ikuwayanja. Ndinangoti chabwino bambo, n'kutulutsa malalanje. Anasenda limodzi n'kulawa.

"Ili ndi la kuseri kwa bafa," anatero.

"Eya, bambo."

"Lachepa madzi." Anatafunanso. "Nanga kamango kaja ka pafupi ndi khitchini kalipo?"

"Kalipo, koma kakufota."

"Si nkhani yanga," anatero, n'kulavulira njere za lalanje m'manja, n'kuziika m'thumba la jekete.

Nditakafotokoza kumudzi, a Gondwe, amene panthawiyi anali atapuma ntchito koma adakali pompano kudikira chaka chamawa, anamenya ndodo pansi. Anati vuto lathu anthu a kuno timazungulira kwambiri. Kwawo munthu akasokera amamukhazika pansi n'kumuuza m'maso muli gwa. Anakwera kabaza n'kupita. Anakawauza zonse: kuti kwawo ndi ku Michesi, kuti mitengo ija anadzala okha, kuti mwa anthu onse odzinamiza a m'boma la Phalombe iwo ndiye mkulu wawo. Zonse zoona zokhazokha. Anabwerako okha, atazazidwa m'Chilomwe chimene sanachimve n'komwe, ndi uthenga woti a Namakhwa adzafera kunyanja.

Mayi anga anangonyamuka. Analowa m'nyumba, anatulutsa ndowa yachitsulo yakale imene tinkasungiramo nandolo, anatenga msomali ndi mwala, kho! Kenako anaitana wakabaza wopita kunyanja. "Ukawauze alamu anga kuti ndowa yanga ikudontha, ndipo anyamata okhoma a masiku ano sindiwakhulupirira. Usakawonjezere kanthu."

A Namakhwa anafika dzuwa la Okutobala lili pamutu, akukankha njinga, ataonda mpaka jekete kulendewera. M'nyumba sanalowe. Anati abwera kudzakhoma ndowa ya alamu awo, mawa abwerera. Anamasula bokosi pansi pa mango, anakhoma, anadzaza madzi, anadikira. Kenako ananyamula ndowa ija, tonse tikuyang'ana kumbali ngati sitikuona, n'kukataya madzi pa kamango ka pafupi ndi khitchini.

M'mawa mwake asanagwire njinga, panali pataima kale mayi wina ndi beseni lobooka. Tsiku linalo mbaula. Mudzi wonse unafukula zitsulo zakale za m'nkhokwe ndi za pansi pa mabedi, anthu oti anazolowera kale pulasitiki. A Gondwe, atamvetsa mochedwa mmene zinthu zimayendera kuno, anabwera ndi ndowa yawo ataiboola paliponse ngati sefa, mpaka mayi anga anawakalipira kuti atiwonongera nkhani. Masiku oyamba a Namakhwa ankagona pakhonde, kenako analowa m'chipinda chawo chakale, ati chifukwa cha udzudzu. Aliyense wofunsa ankamuuza kuti akungomaliza ntchito ya anthu, ikatha azipita.

Ndowa yanga ndinapita nayo mvula itayamba. Anaikweza kudzuwa monga mwa nthawi zonse, anatsinzina diso limodzi, n'kuyang'ana kabowo nthawi yaitali.

"Iwe Fanesi," anatero, "dzimbiri la masiku ano linapita kusukulu. Likumaboola mozungulira bwinobwino ngati msomali."

Ndinati basi, mawa njinga ili pamsewu. Koma iwo anangotola nyundo n'kuyamba kukhoma, akuimba kanyimbo ka Chilomwe chapansipansi.

Anthu amandifunsa kuti ndiye ankadziwa kapena sankadziwa? Ine ndimati ankadziwa bwinobwino, monga a Gondwe amadziwira kuti malata a pansi pa bedi aja sadzaona Rumphi. Munthu amatha kudziwa chinthu n'kusankha osachiyang'anitsitsa. A Namakhwa anaona bambo awo akugwira zipupa, ndiye anaganiza kuti njira yodzitetezera n'kusakonda malo. Atapezeka kuti malowo awakonda, anangosintha dzina la chimene ankachita. Ndipo ife a kuno tili ndi chizolowezi chathu: bodza la munthu likakhala losapweteka wina, timamuthandiza kulinyamula. A Gondwe amati kumeneko n'kupusitsana. Kaya. Chimene ndikudziwa n'chakuti chilungamo chawo chinabwerako chokha pakabaza, pamene msomali wa mayi anga unabweretsa munthu.

Anakhala nafe zaka zingapo akumaliza ntchito ya anthu. Chaka chatha, mango atangoyamba kupsa, miyendo inatupa ndipo nyundo inayamba kuwalemera. Tinayenda nawo kuchipatala, tinabwerako, ndipo aliyense ankaona kumene zikulowera. Apa panabuka funso limene msomali sukanatithandiza. Mwamwambo mkamwini akamwalira, thupi limapita kwawo kwa abale ake, pokhapokha mwini wake atasiya mawu ena adakali moyo. Ndipo mawu amene a Namakhwa anasiya kwa zaka zonse zija, pamaso pa aliyense, anali amodzi: kwawo ndi kunyanja. Tikanangokhala chete, akanakagona m'dambo lija pakati pa anthu osawadziwa, mayi aakulu n'kutsala okha kuno.

Amalume anabwera masana ena pamodzi ndi mwana wa ku Thyolo uja. Odwalawo tinawatulutsira pakhonde, pamkeka, atatsamira khoma. Amalume anazungulira kaye, za mvula, za feteleza, kenako anatsokomola.

"Alamu, tonse ndife apaulendo, kaya ayambe ndinu kaya ndine. Ndiye ife timafuna kudziwa. Tsikulo likadzafika, anthu a kunyanja tidzawauze chiyani?"

A Namakhwa sanawayang'ane. Maso awo anali pabwalo. Njinga inali pomwepo pambali pawo, italoza kumsewu, bokosi lili chimangire. Ine ndinkawadziwa bambo anga. Akanatha kunena kuti kunyanja n'cholinga chongoti asadzitsutse, n'kufa ali olondola. Amalume anayamba kuseweretsa chipewa pabondo.

"Alamu," anatero a Namakhwa, mawu ali pansi, "mitengo iyi ndinadzala ndine."

Anakweza dzanja n'kuloza pabwalo ponse.

"Yonseyi. Ndi peyala lija linadyedwa ndi mbuzi, ndinadzala ndine. A Esinati ankanena zoona."

"Tamva, alamu," anatero amalume. Sanafunsenso china, ndipo panalibe chofunsa. Mayi anga anathawira kukhitchini, ndinawamva akulira ngati mwana. Ine ndinalira pomwepo osabisa. Sabata yake isanathe tinawaika pafupi ndi mayi aakulu. A kunyanja anabwera, anamva mawu amene anasiyidwa, ndipo anavomera mwaulemu.

Pansi pa mango aakulu, pamene a Namakhwa ankakhomera, nthaka idakali yolimba ndi yosalala, ndipo ukakanda ndi chala umapezamo tizidutswa ta malata. Chitsa chimene ankaikapo kachitsulo ka njanji chilipo, chili ndi chibowo pakati. A Gondwe bawo anasiya. Amabwerabe Loweruka, kukhala pachitsapo, kudya mango, n'kutiuza kuti chaka chamawa akupita ku Rumphi, ife n'kumati mudzayende bwino aphunzitsi. Njinga ili pakhonde pomwe paja. Mwana wa ku Thyolo uja anafuna kuitenga, mayi anga anakana, anangoitembenuza kuti iloze kukhomo. Masana pamudzi pamakhala duu, kulibenso kho, kho, kho uja amene tinkamumva ngakhale tili kumunda.

Kuseri kwa khitchini kuli kalalanje kofika m'chiuno, kotchingidwa ndi malata adzimbiri. Ine ndimakhulupirira kuti ndi ka njere zija za m'thumba la jekete, ngakhale palibe anaona zikupondedwa. Woyesa ndowa anapita, ndipo chaka chino dzuwa linawomba koopsa. Koma m'mawa uliwonse ndikadutsa ndimapeza pansi pake pali ponyowa. Ndinafunsa mayi anga, anati iwo amangotayirapo madzi otsukira mbale. Ndinafunsa amalume, anati ankangotsukuluza ndowa. Palibe amene amathirira.